Fulati ya ku Lilongwe, Kalata ya ku Garneton

Lolemba, 12 Meyi

Basi, ndaganiza. Ndikusamuka. Ndikugula fulati ku Lilongwe!

Mzere umenewu ndauwerenga katatu. Ukuoneka bwino zedi papepala.

Penshoni yalowa sabata yatha, patatha zaka sate thuu ndikusunga mabawuti ndi magolovesi m'sitolo ya kampani. Anzanga akugula maminibasi, ena nkhumba. Ine ayi. Ine ndikufuna kukakalambira kumene kondakitala amakukalipira m'chinenero chako. Ndinabadwira muno mu Kitwe, bambo ndi mayi ochokera kumudzi cha ku Chipata, ndipo moyo wanga wonse ndakhala ndikusiya Chinyanja pageti m'mawa n'kudzachitola madzulo. Kumsika Chibemba, m'basi Chibemba, ngakhale kuchipatala ululu uyenera kuufotokoza m'Chibemba. Ku Lilongwe ndinapitako kamodzi, ku ukwati wa mwana wa msuweni wanga Yohane. Kondakitala anandiuza kuti, "Madala, pindani miyendoyo, si pabalaza panu pano." Ndinatsala pang'ono kumukumbatira.

Fulati yake ndaiona pa foni. Vidiyo ananditumizira mayi wina wogulitsa nyumba kumeneko, ndizingowatchula Mayi Ejenti. Abale inu! Nsanjika yachitatu. Zipinda ziwiri. Khonde lagalasi. Pansi powala ngati m'banki. M'vidiyomo muli bambo wina wovala zoyera akumwa tiyi pakhonde, sakugwedezeka n'komwe, mtendere wokhawokha. Ameneyo ndine.

Zochita, mwa ndondomeko yake:
1. Kalata ya msamuko ya kumpingo.
2. Pasipoti.
3. Kuwauza bwinobwino amake Chisomo.
4. Nkhuku.
5. Kugula fulati.

Wina angafunse kuti bwanji kalata ili pamwamba. Ameneyo sanaleredwe mumpingo wathu. Malemu bambo anga pobwera kumigodi ananyamula bulangete, supuni ndi kalata ya mpingo yokulunga m'kansalu. Ankatiuza kuti nsapato ukhoza kuiwala, koma kalata ayi, chifukwa popanda iyo kumene ukupitako sakudziwa, sudya Mgonero, ndipo ukafa amakuimbira nyimbo imodzi basi.

Komanso a Tembo, mlembi wa mpingo wathu, ndimawadziwa. A Mvula anadikira kalata yawo miyezi eyiti, inatuluka sabata imene iwo anabwerako ku Solwezi ntchito itatha. Ndikapempha lero, yanga ituluka kumapeto kwa chaka. Kalata ikatuluka dzina limafufutidwa m'kaundula, ukulu wa mpingo n'kuthera pomwepo, izi ndikuzidziwa bwino. Koma mpando wanga pa benchi la akulu, umene ndakhalapo zaka seventini, ndiugwirabe mpaka makiyi a fulati atalowa m'thumba. Kwa a Tembo palibe choopa.

Fifitini awazi, 3 koloko masana. Ndakasiya pempho. A Tembo aliwerenga kawiri, andiyang'ana pamwamba pa magalasi, ati, "Ku Lilongwe? Inuyo?" Aliika m'thumba la malaya, osati m'fayilo. Chizindikiro chabwino chimenecho, lichapidwa limodzi ndi malayawo.

Madzulo ndayeseza moyo wa m'fulati. Mpando pakhonde, kapu ya tiyi m'manja, osagwedezeka. Ndapirira mphindi foo. Tambala wadumphira patebulo, galu wa aneba walowa, amake Chisomo akuwa kuti mpopi wa kukhola watsekeka. Ku nsanjika yachitatu tambala safikako.

Lachiwiri, 13 Meyi

Nambala 3 ndayamba nayo m'mawa, amake Chisomo akupatsa nkhuku madzi. Ndawaonetsa vidiyo. Aonera yonse, abweza foni, ati, "Ndamva." Zaka sate faivi za banja zandiphunzitsa kuti "ndamva" wawo sachedwa kubala ana.

Naini awazi, ana ayamba kubadwa. Mafunso awo ndikuwalemba mmene abwerera:
- Nkhuku zonsezi zikagona pa nsanjika yanji?
- Magetsi akazima, mbaula tikakolezera pati?
- Mfutso tikayanika pagalasi?
- Mmodzi wa ife akamwalira, anthu akakhala pati? Tenti ikakhomedwa kuti? Bokosi likatsika bwanji masitepe?

Lomalizali ndawauza kuti n'kulodzana. Komabe onse ndawatumiza kwa Mayi Ejenti. Yankho: nkhuku ayi, mbaula ayi, kuyanika zinthu pakhonde ayi. Za maliro ati, "Bambo, aka n'koyamba kasitomala kundifunsa zimenezi asanafunse mtengo."

Ndayeza kabati ya mbale ndi chingwe, ija tinagula chaka chimene Chisomo anabadwa. Ndayeza chitseko cha m'vidiyo ndi chala. Sizikugwirizana. Ndafunsa ngati kabati ingakwere ndi chingwe kudzera pakhonde. Ayi winanso.

Masana fomu yafika. Dzina, zaka, ntchito, zonse bwinobwino. Kenako timabokosi tiwiri: nzika, wakunja. Ndachonga nzika mosaganiza n'komwe. Mayi Ejenti ati, "Pepani bambo, inu ndinu wakunja." Ine? Wakunja? Agogo anga ankalima munda umene mizere ina inali ku Zambia, ina ku Malawi! Nyimbo za m'tchalitchi ndimaimba zonse osayang'ana m'buku! Zonsezi ndawafotokozera pa voisi noti ya mphindi sikisi. Ayankha ndi kachithunzi ka manja opemphera, n'kutumizanso fomu ina yosachonga.

Pasipoti ndaipeza m'sutikesi, pansi pa satifiketi ya ukwati. Inatha kalekale. Pachithunzi ndili ndi tsitsi.

Chisomo waimba kuchokera ku Lusaka, amake amutsina khutu. "Adadi, mwafunsa loya?" Ana a masiku ano, chilichonse loya. Ndamuuza kuti ine ndinayamba kusaina mapepala iye asanamere mano.

Madzulo popita kukagula chakudya cha nkhuku, mayi wogulitsa tomato wandikuwira m'Chibemba, "Ba Eluda, mukaya lilali?" Akufunsa ine mkulu wa mpingo kuti ndinyamuka liti. Wometa wafunsanso zomwezo. Wowotcherera mageti wafunsa ngati wilibala ndikuigulitsa. Pempho lija ndinapereka kwa munthu mmodzi yekha! Ndinaiwala kuti malaya a a Tembo amachapa ndi akazi awo, ndipo asanaviike amayamba apisa m'matumba.

Lachitatu, 14 Meyi

Ulendo wa ku Ndola, za pasipoti. Suti, tayi, fayilo. Ndaima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi, ndafika pawindo, ndatulutsa mapepala anga monyadira: khadi ya ubatizo, khadi ya Mgonero, satifiketi ya ukwati, kalata yondiyamikira ya kuntchito. Mayi wapawindo wayang'ana zonse mwaulemu, ati, "Ba Tata, zonsezi n'zabwino, koma chitupa chanu cha boma chili kuti?" Chili kunyumba ku Garneton, m'thumba la jekete ina. Mapepala okalowera kumwamba ndinali nawo onse. A ku Lilongwe ndiwo ndinalibe.

Kuti ulendo usapite pachabe ndayenda wapansi mpaka ku Kansenshi kukaphunzira mmene anthu amakhalira m'mafulati. Ndaima kutsidya kwa msewu ndi kabuku kano. Zimene ndaona:
- Bambo akukwera masitepe ndi thumba la ufa, wapuma kawiri.
- Agogo ena akuyang'ana pansi kudzera m'zitsulo za khonde, ngati anzawo a m'ndende ili chapafupi apo.
- Anthu awiri adutsana pakhomo osapatsana moni.
- Mlonda mmodzi, amene wabwera kudzafunsa chimene ndikulemba.

Ndamuuza kuti ndine mkulu wa mpingo. Wati akuba nawonso amavala tayi masiku ano. Ndachokapo mofulumira koma mwaulemu.

M'basi pobwerera Mayi Ejenti aimba. Ati kwa munthu wakunja njira ilipo koma ndi yaitali: chilolezo chokhalira m'dziko, loya, makalata a kubanki, ndi zina zimene sindinamve chifukwa kondakitala amakuwa. "Ena," ati, "amangolemba dzina la m'bale wawo wa konkuno, koma ine sindinakuuzeni zimenezo."

Ndamuimbira msuweni Yohane ku Kawale. Sindinamalize n'kufotokoza komwe. "Asuweni, dzina langa ndi lanu! Tengani! Lembani paliponse!" Munthu amene jekete yanga anabwereka pa ukwati uja sanabweze mpaka lero. Chimwemwe chake chandiopsa pang'ono. Wavomera kukaiona fulatiyo ndi maso Lachisanu.

Seventini awazi. Uthenga wa a Tembo: "Bwalo la akulu likhala mawa. Nkhani yanu ili nambala wani."

Nambala wani?! Denga la tchalitchi likudontha chaka chachitatu ndipo silinafikepo ngakhale pa nambala faivi! Ndawaimbira. Ati a Sakala ndi amene apempha kuti m'bale wathu tisamuchedwetse, ulendo ndi wautali. A Sakala! Dikoni wa chigawo chathu cha Garneton, amene pa zisankho zitatu zotsatizana wakhala akubwera pambuyo panga, ndipo Lamulungu lililonse amayang'ana mpando wanga ngati telala akuyeza nsalu.

Palibe vuto. Mawa ndingoimirira n'kunena kuti, "Abale, tiyeni tiyambe taimika kaye." Mawu ochepa chabe. Ndayeseza kawiri kuseri kwa khola, nkhuku zamvetsera bwino.

Lachinayi, 15 Meyi

Sindinanene.

Ndilembe mwadongosolo kuti tsiku lina ndidzadziwe pamene mutu unandithawira.

Fotini awazi, m'vesitile. Pemphero. Nambala wani. Mwa mwambo mwini nkhani amatuluka, ndiye ndatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, mawu anga ali okonzeka pakamwa. Bwalo lomweli linakhala katatu kukambirana za loko wa kuchimbudzi. Ine landimaliza m'mphindi teni.

Andiitana. Ndalowa. Onse aimirira! Abusa ayamba kundiyamikira: zaka seventini, maliro osawerengeka, odwala amene ndinawayendera pa njinga mvula ili pamsana, mabanja amene ndinawayanjanitsa. Zinthu zokoma zimene munthu amanenedwa atagona m'bokosi, ine ndazimva ndili chiimire. A Banda okalamba apukuta misozi. A Sakala ati mpingo wa ku Lilongwe walandira mphatso, ati ndatsegula njira, ndaonetsa kuti mwana wa kum'mawa akhoza kugula nyumba ya m'mwamba kunja kwa dziko.

Ndiye Abusa afunsa, "Akulu, mwatsimikiza?"

Apa ndi pamene panali pa mawu anga aja. Ndayang'ana a Banda ndi kansalu kawo konyowa. Ndayang'ana a Sakala, akumwetulira, mutu uli chopendekeka, ngati akudziwa kuti ndibwerera m'mbuyo. Ndangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndatsimikiza, Abusa. Fulati ili pa nsanjika yachitatu."

Chitsiru cha munthu! Mbuzi yovala tayi!

A Tembo atulutsa envelopu. Kalata inali italembedwa kale, yodinda kale. A Tembo omwewa! Atsegula kaundula, aika rula pa dzina langa, mzere umodzi wofiira, wowongoka bwino. M'buku limenelo ndinalowa ndisanamere ndevu. Sindinkadziwa kuti cholembera chimamveka chikamayenda papepala.

Ndasuzumira kuti ndione mzere wa amake Chisomo, poti pempho ndinalembera tonse awiri. Palibe. A Tembo anong'oneza, "Amayi anabwera Lachiwiri masana. Anati iwo sakupita kulikonse, dzina lawo lisakhudzidwe."

Ndiye "ndamva" uja.

Chigawo cha Garneton ndi mpando wanga agwirizira a Sakala kuyambira lero mpaka chisankho. Loweruka kuli phwando londitsanzika, kunyumba kwanga komwe.

Panjira kalata ndaiwerenga. Akuti ndine Mkhristu wa mbiri yabwino, wodya Mgonero, wopanda mlandu. Pa mzere wa mpingo umene ndikupita asiya mpata, poti sindinawauze. Ndikanawauza chiyani? Ku Lilongwe sindikudziwako tchalitchi ngakhale chimodzi, chimene ndinalowa pa ukwati uja dzina ndinaiwala.

Kunyumba ndafunsa amake Chisomo kuti bwanji sanandiuze kuti akupita kwa a Tembo. Ati, "Inu munandiuza musanapite?" Nkhani yathera pomwepo.

Komabe sizinaipe kwenikweni. Fulati ilipo. Mawa Yohane akaiona, ndipo munthu wa pa nsanjika yachitatu sadandaula za benchi. Vidiyo ndaonera kanayi. Bambo wa zoyera uja akadali phee ndi tiyi wake.

Lachisanu, 16 Meyi

Teni awazi. Yohane waimba pa vidiyo. "Asuweni, ndafika." Ndikuona mphuno yake, thambo, mphuno yakenso. Ndati tembenuza foni ndione nyumba. Watembenuza.

Zimene zili pamalopo:
- Chikwangwani chachikulu chokongola, pali chithunzi cha fulati yanga.
- Mulu wa mchenga.
- Ngalande ya maziko, muli madzi obiriwira.
- Mapesi a chimanga.
- Mlonda akuwotcha mbatata.

Ndati mwasochera. Yohane wafunsa mlonda. Mlonda waloza m'mwamba, pamene pakudutsa khwangwala, wati nsanjika yachitatu idzakhala chapamenepo.

Mayo ine!

Ndawaimbira Mayi Ejenti mawu onse aukali nditawasanja. Iwo phee. Ati, "Bambo, zalembedwa pansi pa vidiyo. Ndi chithunzi cha pakompyuta. Nyumba idzatha zaka ziwiri zikubwerazi, anthu amagula isanamangidwe. Ndimayesa mukudziwa." Ndavala magalasi. Zalembedwadi, timalemba ting'onoting'ono toyera. Sabata yonse ndakhala ndikuonera vidiyoyi wopanda magalasi chifukwa imakongola kwambiri choncho. Ndipo bambo wa tiyi uja si munthu. Masiku asanu ndakhala ndikusirira chidole.

Ndafufuza mauthenga onse kufuna pamene mayiyu anandinamiza, kuti ndipeze womukwiyira. Palibe. Ndatsala ndekha.

Yohane waimbanso. Wati ndisataye mtima, nditumize ndalama azisunga m'dzina lake, ndipo poti ine ndichedwa ndi mapepala, mwana wake akhoza kuyamba wakhalamo kuti fulati isazizire. Fulati yake iti? Amake Chisomo anali pafupi akusankha nyemba. Alanda foni, ati, "Alamu, jekete ija ilipo?" Laini yaduka.

Ndondomeko ya Lolemba mmene ilili lero:
1. Kalata: yatheka.
2. Pasipoti: ayi.
3. Amake Chisomo: iwo ndi amene akundiuza.
4. Nkhuku: zili bwino, zikomo.
5. Fulati: khwangwala.

Fotini awazi, kwa Abusa. Ndafotokoza zonse chipewa chili m'manja. Sanaseke, Mulungu awadalitse, koma anatuluka kukamwa madzi nthawi yaitali ndithu. Ndafunsa ngati mzere wofiira uja ungafufutike mwakachetechete. Ati chimene bwalo lalemba, lalemba. Ati munthu wotuluka ndi kalata amalowanso ndi kalata, pamaso pa mpingo, monga wina aliyense wobwera. Ukulu wa mpingo subwerera ndi kalata, umadikira chisankho, ndipo chisankho chili kutali.

Ndati lamulo louma chonchi analiika ndani?

Ati, "Akulu, ndinu. Nthawi ija a Mvula atabwerako ku Solwezi. Munati mpingo si minibasi yokwera ndi kutsika pamene wafunira."

Ndikukumbukira. Ndinamenya ndi patebulo pomwe. Anthu anandiyamikira kwambiri tsiku limenelo.

Loweruka, 17 Meyi

Phwando silingaimitsidwe. Ndayesa. Amayi a Chigwirizano afika seveni awazi ndi mapoto, nkhuni ndi nyimbo. Nkhuku za ndiwo agula kwa amake Chisomo, osachotsera n'pang'ono pomwe. Mwa tonse m'nyumba muno, amene wapindula ndi ulendo wa ku Lilongwe ndi iwo.

Abusa ati sanena kanthu, nkhani ndi yanga, ndiinene ndekha. Ndakonza poyambira:
- "Abale, pachitika kusintha pang'ono."
- "Abale, dokotala wandiletsa masitepe."
- "Abale, ndalota maloto."
- Kukomoka.

Mphatso: sutikesi yamatayala, bulangete poti ku Lilongwe ati kumazizira, wotchi yapakhoma, ndi chithunzi cha tchalitchi chathu cha m'felemu kuti ndisawaiwale. A Banda okalamba andipatsira kalata ya mdzukulu wawo wa ku Biwi. Mayi wa tomato wabwera osaitanidwa, wati, "Mwende bwino, Ba Eluda," n'kundipatsa anyezi wa panjira.

Nthawi yanga yolankhula. Ndaimirira. Ndayang'ana anthu atadzaza pabwalo panga, ena pa njerwa, ena pa zitenje pansi pa mango. Uyu ndinamuyendera ali m'chipatala. Uyu ndinanyamula bokosi la mwana wake. Awa ankafuna kulekana, lero akudyera mbale imodzi. Onse akulankhula Chinyanja, chopindikapindika, chosakaniza ndi Chibemba ndi Chizungu, koma Chinyanja. Chimene ndimakafuna ku Lilongwe chinali chitakhala pa njerwa pakhomo panga, chikudya nkhuku zanga.

Ndalira. Kulira kwenikweni, kwa mamina. Iwo ayesa ndikulira ulendo, nawonso ayamba, amayi ayambitsa nyimbo yotsanzikana. M'kati mwa zonsezo pakamwa panga, pomwe paja pa Lachinayi, pati, "Mukadzabwera ku Lilongwe mudzafikire kwathu, malo alipo."

Malo alipodi. Pali ndi mchenga womwe.

Amake Chisomo andiyang'ana kuchokera kumapoto. Apukusa mutu kamodzi n'kupitiriza kugawa mpunga.

Sikisitini awazi, anthu atapita, a Sakala atsalira kudzatenga kabuku ka chigawo. Ndimayembekeza kuti anyada. Ayi. Akhala pampando, chipewa pabondo, ati, "Akulu, ndikuopa. Ndiuzeniko za anthuwa." Ndiye ndawauza. Kuti Mayi Zulu amasiye satsegula chitseko ukagogoda, uyenera kuyamba nyimbo uli pageti. Kuti a Daka ukawafunsa za mowa amathawa mpingo miyezi itatu, uziyamba wawafunsa za nkhunda zawo. Kuti kwa a Lungu usapite mvula ikugwa, amachita manyazi ndi denga lawo. Alemba zonse, mochedwa, lilime lili panja. Ndimafuna kudana nawo, zakanika.

Kabuku kapita. Chikuto chake cha pulasitiki ndinasoka ndekha.

Ali pageti ndawauza zoona, munthu woyamba kupatula Abusa. Iwo ati, "Ndiye sutikesi ija mubweza?"

Lamulungu, 18 Meyi

Ndadzuka, ndavala suti, miyendo yandipititsa yokha kukhomo la vesitile kumene akulu amasonkhana mapemphero asanayambe. Dzanja lili pa chitseko ndakumbuka. Ndazungulira kukalowera khomo la anthu onse. Kutsogolo kwadzaza. Malo ndapeza pa benchi lomaliza, pakati pa mayi wa mwana wolira ndi bambo wina wogona kale.

Akulu alowa pamzere. A Sakala akhala pamalo panga, pafupi ndi windo. Akhalira chakumphepete, ngati mpandowo ukuwotcha.

Zolengeza. A Tembo awerenga kuti m'bale wathu wasamukira ku Lilongwe, kalata yake yaperekedwa Lachinayi. Mpingo wati, "Ambuye amutsogolere." A mabenchi apafupi atembenuka kundiyang'ana. Ndawagwedezera mutu.

Kenako, "Ngati pali alendo kapena obwera ndi makalata, aimirire tiwadziwe." Wolandira alendo sabata ino ndi mkulu watsopano, a Sakala.

Taimirira atatu: namwino wochokera ku Chingola, mphunzitsi wochokera ku Petauke, ndi ine, envelopu m'manja. Tchalitchi chonse zii. Namwino wanena dzina ndi kumene wachokera, m'manja. Mphunzitsi, m'manja. A Sakala afika pa ine, maso ali pansi, afunsa mmene mwambo umanenera.

"Bambo, mwachokera kuti?"

"Ku Garneton."

"Kalata yanu ndi ya mpingo uti?"

"Uno."

Wina kumbali ya amayi waphulika. Kasekedwe kameneko ndikukadziwa, ndimagona nako nyumba imodzi. Kenako tchalitchi chonse, ndi Abusa omwe atabisa nkhope m'buku la nyimbo. A Banda okalamba, amene samva bwino, afunsa mokweza kuti, "Wabwerako kale? Kalata yanga wakapereka?"

Ndanena mwachidule kuti fulati sinamangidwe, pasipoti inatha, ndipo chimene chinasamuka ndi mutu wanga wokha. Aomba m'manja, nthungululu, ngati ndapambana kanthu. A Sakala alandira envelopu ndi manja awiri, ati, "Takulandirani, bambo. Khalani omasuka, kuno ndi kwanu." Mawu amenewa ndawanena ine kwa alendo kosawerengeka. Sindinkadziwa kuti amalasa chonchi.

Ulaliki sindinaumve. Kumbuyo kuno mawu a sipika safika bwino, ndipo benchi lake lilibe potsamira. Anthu a kumbuyo akhala akupempha bwalo zaka zambiri kuti tikonze mabenchi amenewa, ine n'kumayankha kuti ofuna kutsamira azifika msanga. Msana ukundipweteka mpaka pano. Lamulungu likubwerali ndifika msanga.